Wakupha Anali mu Ufa: Phunziro la Maliro a ku Chitima

Awa ndi mawu amene mlembi wa nthambi yathu, amenenso ndi mphunzitsi, analankhula pa msonkhano wa mamembala. Tawalemba onse kuti amene sanafike awerenge, ndipo odziwa kuwerenga awerengere anzawo.

 Lero sitinena za makadi kapena za chopereka cha nthambi ayi. Tinena za ufa, za mphika ndi za mgolo wa mowa, pakuti taona kuti zinthu zitatu izi zitha kupasula mudzi msanga koposa mdani wochokera kunja. Tipempha kuti mumve kufikira potsiriza, ndipo amene ali ndi mafunso awasunge, tidzayankhana tikatha.

Tiyamba ndi nkhani ya anansi athu a ku Mozambique. M'chigawo cha Tete, kufupi ndi damu lalikulu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, kuli malo otchedwa Chitima. Anthu a kumeneko adya nsima monga ife, alira maliro monga ife, ndipo afulula mowa monga afululira amayi athu kuno. Pa 9 Januwale 2015 kunali maliro ku Chitima, ndipo anthu ambiri anamwa mowa umene mayi wina wa komweko anafulula. Usiku womwewo ndi m'mawa mwake anthu anayamba kugwa. M'mimba munali kupweteka, anali kusanza ndi kutsegula, thupi lonse lili lefu. Ena anafera m'nyumba zawo, ena kuchipatala. Pamene akuluakulu a zaumoyo anatha kuwerenga, anapeza kuti odwala anali 234, ndipo mwa iwo 75 anamwalira. Ndiye kuti pa anthu atatu aliwonse amene anadwala, pafupifupi mmodzi sanadzukenso. Anthu anapita kukaika munthu mmodzi, nabwerako ndi maliro 75.

Kodi muganiza kuti anthu ananena chiyani? Ananena chomwe tikadanena ife: wina wathira mankhwala m'mowa. Mbiri inawanda kuti ndi ndulu ya ng'ona, ndipo mawayilesi ndi manyuzipepala a m'maiko ambiri anaiulutsa mbiriyo. Tonsefe tinakula tikumva kuti ndulu ya ng'ona ipha msanga, chotero panalibe wodabwa. Koma panali zinthu ziwiri zimene zikadaimitsa munthu wodekha. Choyamba, mayi wofulula mowa uja nayenso anali mmodzi wa akufawo. Chachiwiri, m'zaka za m'ma 1980 katswiri wa mankhwala wa pa yunivesite ya Zimbabwe, N. Z. Nyazema, anali atayesa kale ndulu ya ng'ona pa nyama, napeza kuti ilibe ukali umene anthu aunena.

Akuluakulu a zaumoyo anatenga mowa wotsala, ufa umene anafululira, ndi magazi a odwala, natumiza zina mwa izi kunja, kufikira ku America, kuti akaziyese. Yankho linamveka mu Novembala chaka chomwecho. Mu ufa anapezamo tizilombo tosaoneka ndi maso ta mtundu wa mabakiteriya, dzina lake Burkholderia gladioli, ndipo m'mowa anapezamo chiphe chimene tizilomboti tipanga, chotchedwa asidi wa bongkrek. Ufa uja unali utanyowa ndi madzi osefukira, nuyamba kuwonongeka. Eni ake anaona kuti suyeneranso kuphikira nsima, koma anayesa kuti ku mowa ulibe kanthu, naupereka kwa wofulula. Panalibe munthu wa mtima woipa amene anathira kanthu m'mgolo. Wakupha analowa pamodzi ndi ufa, ndipo anamlowetsa ndi anthu amene anangomva chisoni kutaya chakudya.

Tsono tiime pang'ono kuti timve bwino za tizilombo timeneti, pakuti ena a inu mungati: chinthu chosaoneka tichikhulupirira bwanji? Munthu woyamba kutiona anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Holland, amene mu 1676 anationa m'dontho la madzi ndi galasi lokuza zinthu limene anapanga yekha. Lero mwana aliyense wa ku sekondale amene wasuzumira m'makina otere atha kukuuzani kuti tilipo ndithu. Kuchepa kwake n'kotere: tizilombo 1,000 titandanda pa mzere umodzi tingokwana milimita imodzi kapena ziwiri pa rula ya mwana wa sukulu. Tili m'dothi, m'madzi, m'manja mwathu, m'matumbo a anthu ndi a ziweto. Tambiri tilibe vuto, ndipo tina titithandiza: timene tisasitsa thobwa ndi chambiko ndi ta mtundu womwewo. Koma pali tina timene tikalowa m'chakudya tidzetsa matenda ndi imfa.

Mphamvu yake ili pa kuswana. Kachilombo kamodzi kakapeza chakudya chonyowa ndi chofunda, kamagawikana pakati nkukhala tiwiri, ndipo ta mitundu ina titha kuchita zimenezi mphindi 20 zilizonse. Ife tinapereka samu iyi kwa ana a m'kalasi mwathu, ndipo inu muiyesenso kunyumba ndi njere za chimanga. Pakatha ola limodzi, kamodzi kaja kasanduka 8. Pakatha maola awiri, 64. Pakatha maola atatu, 512. Pakatha maola 7, kuyambira pamene tidya mgonero kufikira tambala woyamba, tafika 2,097,152. Mwana wina anati, “Aphunzitsi, bolodi latha.” Bolodi linathadi, koma mumphika wa ndiwo zogona malo satha.

Tizilomboti tivulaza munthu m'njira ziwiri, ndipo tipempha kuti musiyanitse bwino, pakuti phunziro lonse la lero lagona pamenepa.

Njira yoyamba ndi iyi: tizilombo tilowa m'mimba tili tamoyo, ndipo tikaswana m'matumbo. Otere ndi kolera, tayifodi, kamwazi, ndi Salmonella amene apezeka kawirikawiri m'nkhuku ndi m'mazira osapsa. Ambiri a matenda awa njira yawo ndi imodzi, ndipo tiinena poyera ngakhale pali apongozi: achokera m'chimbudzi cha munthu kapena cha chiweto, nafika m'kamwa mwa munthu wina podzera m'manja, m'madzi, kapena pa miyendo ya ntchentche. Tonse tikumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anagwira anthu oposa 58,000 m'dziko lathu la Malawi ndi kupha oposa 1,700. Koma adani a njira yoyambayi aopa moto. Madzi akawira, nyama ikapsa kufikira mkati, afa.

Njira yachiwiri ndiyo yoopsa mobisika. Tizilombo tidya chakudyacho tisanachidye ife, ndipo tisiyamo chiphe. Mukaphika, tizilombo tifa, koma chiphe chitsala. Asidi wa bongkrek ali wotere. Moto sumuwononga, alibe fungo, alibe kukoma kwachilendo koti lilime likuchenjezeni. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo pano mwambiwu ukwanira ndendende. Akalowa m'thupi atseka njira imene timagawo ting'onoting'ono ta thupi tilandirira mphamvu yochokera ku chakudya, chotero chiwindi, impso ndi ubongo zileka kugwira ntchito, monga nyale izima mafuta alimo chifukwa chingwe chaduka. Mankhwala ochotsa chiphe chimenechi kulibe. Kuchipatala angothandiza thupi kuti lilimbe. Dzina lake lichokera ku chilumba cha Java m'dziko la Indonesia, kumene chakudya china chopangidwa ndi zotsala za kokonati chinapha anthu ambiri kufikira Boma la kumeneko linachiletsa mu 1988. Mu 2020, ku Jixi m'dziko la China, chiphe chomwechi chinapha anthu 9 a banja limodzi amene anadya chakudya cha ufa wa chimanga choviika. Mu Africa muno chinadziwika koyamba pa maliro a ku Chitima.

Mungati za ku Java ndi ku China zili kutali. Tiyeni tsono tilowe m'nkhokwe zathu. Chuku chimene chimera pa chimanga ndi pa mtedza wosauma bwino si bakiteriya, ndi mtundu wa nkhungu, koma machitidwe ake ndi amodzimodzi: mitundu ina ya chuku isiya chiphe chotchedwa afulatokisini, chimenenso sichitha ndi kuphika kapena kukazinga. Mu 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi ena oyandikana nawo, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga cha m'minda yawo yomwe, chimene anakolola ndi kusunga chili chonyowa. Iwo anadya chiphe chambiri nthawi imodzi. Koma chikamalowa pang'onopang'ono zaka ndi zaka, chidya chiwindi ndipo chitha kudzetsa khansa. Kodi ndi angati a ife amene tiwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda? Ndi angati tiyanika chimanga pa dothi? Ndipo chimanga chowola chimene tichisankha pambali, kodi chipita kuti? Tidziwa tonse: chipita kwa amayi ofulula, kapena kwa nkhuku ndi nkhumba. Nzeru yake ndi yomwe ija ya ku Chitima, yakuti chosayenera nsima chiyenera mowa.

Tsono tifika pa chinthu chimene chatilemera mumtima. Chaka china, m'mudzi wina wa dera lathu lino umene sitiutchula, kunali sadaka m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee. Mbuzi anapha ndi kuphika dzulo lake madzulo m'mphika waukulu, nauvundikira, nausiya m'khitchini usiku wonse. M'mawa anangoufunditsa pang'ono, anthu nadya. Usiku wotsatira mudzi wonse unali kuthamangira kuthengo. Mwa chisomo palibe anamwalira. Koma pasanathe masiku atatu zala zonse zinaloza gogo wina wamasiye, chifukwa chakuti anthu anamuona akuzungulira kukhitchini. Anyamata anamsasulira denga, ndipo anakafera kwa mdzukulu wake kutali, mudzi umene anabadwira atauchoka ndi manyazi. Palibe mmodzi anafunsa za mphika uja. Ife amene tiima pano tinalipo, tinadya nawo, tinadwala nawo, ndipo pamene gogo uja anali kulozedwa tinakhala chete. Tinali titawerenga kale ku sukulu ya uphunzitsi za tizilombo ta m'chakudya, koma tinaopa khamu. Manyazi amenewo tili nawo kufikira lero, ndipo n'chifukwa chake tinapempha Bambo Wapampando kuti atipatse nthawi ino.

Mphika waukulu wa nyama ndi nyumba yabwino ya kachilombo kotchedwa Clostridium perfringens. Pamene moto uli waukali, kameneka kadzitsekera m'chikhokhombe cholimba ngati njere, ndipo sikafa. Moto ukazima, mphika waukulu uzizira pang'onopang'ono, nukhala wofunda usiku wonse, ndipo njere zija zidzuka ndi kuyamba samu ija ya pa bolodi. Odya chakudya chotere ayamba kupotokola m'mimba ndi kutsegula pakatha maola 6 kufikira 24. Akatswiri atiuza kuti tizilombo tiswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiko kunena kuti pamene chakudya sichili chozizira ngati cha m'firiji ndiponso sichili chotentha chotulutsa nthunzi. Chakudya chofunda chabe, chimene chala chitha kulowamo osapsa, ndicho munda wawo.

Nkhani iyi si ya mudzi umodzi. Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti chaka chilichonse anthu 600 miliyoni adwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amwalira. Mwa akufawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu. Mu Africa mokha linawerengera odwala 91 miliyoni ndi akufa 137,000 pa chaka. Taganizani, abale, pa maliro onsewa ndi agogo angati amene analozedwa chala popanda mlandu.

Tidziwa chimene ena a inu muli kunena mumtima. Muli kuti: “Aphunzitsi alankhula bwino pakuti mwezi ukatha alandira. Ife titaye ufa mu Febuluwale, ana adye chiyani?” Funso ili ndi loona, ndipo sitilinyoza. Anthu a ku Chitima sanali opusa; anali anthu odziwa mtengo wake wa thumba la ufa. Munthu mmodzi payekha sangathe kutaya chakudya nthawi ya njala. Koma mutu umodzi susenza denga, ndipo nthambi ilipo chifukwa cha zinthu zotere. Chotero tiika pamaso panu mfundo izi kuti muzikambirane ndi kuzivomereza kapena kuzikonza.

Choyamba, ufa kapena chimanga chimene chanyowa ndi madzi osefukira kapena ndi denga lodontha, nkuyamba kuumbika, kusintha mtundu kapena kuchita chuku, chisapite ku nsima, ku thobwa, ku mowa, ngakhale kwa ziweto, pakuti chiphe cha chuku chitha kudzera mumkaka wa ng'ombe nkutipezanso. Chikwiriridwe m'dzenje lakuya. Ndipo kuti mwini wake asagone ndi njala, pa nthawi yokolola membala aliyense apereke mbale imodzi ya chimanga chouma bwino ku nkhokwe ya nthambi, kuti banja limene lataya ufa wowonongeka lilandireko. Amene ataya ufa woipa wapulumutsa mudzi, ndipo mudzi umbwezere.

Chachiwiri, chimanga ndi mtedza ziume kwenikweni tisanazisunge, ndipo tiziyanika pa mphasa, pa lona kapena pa thandala. Matumba asakhudze pansi kapena khoma. Mtedza tisauwaze madzi posenda. Ufa wa mphale uume gwa tisanauthire m'thumba, makamaka nthawi ya mvula.

Chachitatu, amayi ofulula mowa ndi ophika thobwa akane ufa ndi chimera chowonongeka, ngakhale wina awapatse chaulere. Amene akana asanenedwe kuti ndi wonyada.

Chachinayi, pa maliro, pa ukwati ndi pa sadaka, ndiwo ziphikidwe tsiku lomwelo ndipo zidyedwe zikadali zotentha. Chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Chimene chagona chibwerere pa moto kufikira chibwate ponseponse, osati kungochifunditsa. Ndipo chimene mukuchikayikira chitayidwe, pakuti tamva kale kuti pali chiphe chimene moto suchichotsa. Mpeni ndi thabwa zimene zadulira nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze chakudya china. Nyama ya chiweto chofa chokha isadyedwe. Amene asambitsa mtembo, ndi aliyense amene ali kutsegula m'mimba, asayandikire kumiphika.

Chachisanu, tileke kusamba m'manja m'beseni limodzi. Mwambo wathu uti ayambe akulu, atsirize ana, ndiye kuti mwana, amene ali wofooka koposa onse, asamba m'litsiro la anthu khumi. Ulemu sutha ngati mtsikana agwada ndi kuthirira madzi m'manja mwa aliyense ndi kapu, beseni lili pansi, sopo ali pomwepo. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala a kolorini, m'mtsuko wovundikira.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi ndicho chachikulu. Anthu awiri kapena atatu amene anadyera kapena kumwera pamodzi akadwala nthawi imodzi, chakudyacho kapena mowawo uimitsidwe pomwepo. Zotsala zisatayidwe, ndi ufa womwe, koma zivundikiridwe ndi kusungidwa kutali ndi ana kuti alangizi a zaumoyo adzazione. Odwala apite kuchipatala msanga, osadikira kuti kuche. Pa njira, wotsegula m'mimba azimwa madzi a Thanzi. Ngati palibe, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Ndipo mlembi, kapena mwana aliyense wa sukulu, atenge kope ndi kulemba mizere iwiri: odwala anadya chiyani, osadwala anadya chiyani. Kawirikawiri chakudya cholakwa chionekera pa pepala pomwepo. Kufikira zimenezi zitachitika ndipo achipatala atanena mawu awo, membala wa nthambi ino asatchule dzina la munthu, ndipo akamva wina alitchula, aime ndi kunena kuti: tiyambe tafunsa mphika.

Mafumu athu, mfundo yotsirizayi sitingaikwanitse popanda inu, pakuti mlandu wotere uyamba kufika pa bwalo lanu. Tikupemphani ndi ulemu kuti wina akadza kwa inu nati, “Uje watithirira mankhwala,” mumfunse poyamba kuti ufa unachokera kuti, ndiwo zinaphikidwa liti, madzi anatunga kuti. Ku Chitima kunatenga miyezi khumi kuti choona chidziwike, ndipo miyezi yonseyo anthu anali kuyang'anana ndi diso loipa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Iwo analipira phunziro ili ndi anthu 75. Ife talilandira kwaulere.

Mvula ili pafupi. Sabata lino aliyense akayang'ane denga la nkhokwe yake ndi pamene akhazika matumba, ndipo pa msonkhano wa mwezi wamawa tidzasankha anthu atatu, amayi awiri ndi bambo mmodzi, oyang'anira nkhokwe ya nthambi. Amene muli ndi mafunso, nthawi ndi ino.